Genetic algorithm muiike pochuna netiweki, osati posaka njira ya paketi iliyonse

Achimwene, mwafunsa ngati pa pulojekiti yanu mungagwiritse ntchito genetic algorithm kuti zipangizo zolumikizana zokhazokha, popanda router kapena nsanja, zizipeza njira yachidule yotumizira mauthenga, komanso ngati zimenezi zingapose AODV, protocol (ndondomeko ya malamulo) yodziwika yopezera njira mu netiweki yotere. Njirayi ndi yothandiza ndithu, koma pamene mukufuna kuiikapo sipamene imagwira bwino ntchito.

Mu netiweki yotereyi, yotchedwa ad hoc, chipangizo chilichonse chimatumiza, chimalandira, komanso chimapatsira mapaketi (tizidutswa ta mauthenga) a anzake. Zonse zikuyenda, ndiye njira imene inalipo masekondi awiri apitawo mwina yaduka kale. Pamene genetic algorithm imafuna nthawi: imayamba ndi gulu la mayankho ongoyerekeza, n'kuwayesa onse, kusankha abwino, kuwasakaniza kuti abereke ana, kusintha ena pang'ono mwachisawawa, kenako kubwereza zimenezi mibadwo yambirimbiri. Ikamamaliza, netiweki ija yasintha kale ndipo batire latsika. Tsono ngati chimene mukufuna ndi njira yachidule basi, katswiri wa makompyuta Dijkstra anathana nayo kale nkhaniyi mu 1959, ndipo njira yake imapereka yankho lenileni mwachangu.

Pamene ine ndingaiike ndi pa manambala oyendetsera protocol. Taonani OLSR, protocol ina yopezera njira, yomwe inalembedwa mu chikalata cha RFC 3626 m'chaka cha 2003. Chipangizo chimatumiza uthenga wa HELLO (wodziwitsa anansi kuti chilipo) masekondi 2 aliwonse, uthenga wa TC (wofalitsa mmene zipangizo zalumikizirana) masekondi 5 aliwonse, ndipo mnansi akakhala chete masekondi 6 chimamuyesa kuti wachoka. Palinso willingness, kuyambira 0 mpaka 7, yosonyeza mmene chipangizo chilili chokonzeka kupatsira mapaketi a ena, ndipo mwachizolowezi imakhala pa 3. AODV nayo, mu RFC 3561, ili ndi ake: HELLO sekondi iliyonse, ndipo njira yosagwiritsidwa ntchito imafa pakatha masekondi 3. Manambalawa anaikidwa kuti akwanire aliyense pang'onopang'ono. Koma magalimoto othamanga pamsewu ndi masensa ongokhala pamalo amodzi sangafune manambala ofanana.

Apa ndiye pamene pamakoma. Mukachulukitsa ma HELLO, mudziwa msanga kuti mnansi wachoka, koma mlengalenga mudzadza mauthenga oyendetsera netiweki, mapaketi enieni n'kumawombana. Mukawachepetsa, batire lipuma, koma muzitumiza mapaketi kwa mnansi amene anapita kalekale. Nambala iliyonse imakoka inzake, ndipo palibe samu imodzi yokuuzani pabwino. Vuto lotere ndi limene genetic algorithm imalikonda: chromosome yanu, ndiye kuti yankho limodzi loti liyesedwe, ikhale mndandanda wa manambalawa, muziyesa uliwonse mu simulator (pulogalamu yoyerekezera netiweki) ngati ns-3 kapena OMNeT++ pa kompyuta yanu, ndipo zipangizo zidzangolandira manambala omaliza. Poti ambiri mwa manambalawa ndi a nthawi, yesaninso njira ina yofananako, Differential Evolution ya Storn ndi Price, imayenda bwino pa manambala okhala ndi madesimo. Musaiwale kuika malire: nthawi yodikira mnansi isachepe kuposa nthawi yapakati pa ma HELLO, apo ayi mutaya maola kuyesa zinthu zopanda mutu.

Chimene ndikufuna mumvetsetse kwambiri ndi fitness function, muyeso umene algorithm imaonera ubwino wa yankho lililonse, chifukwa mapulojekiti ambiri amagwera pamenepa. Algorithm ilibe nzeru zodziwa chimene mumatanthauza, imangothamangira chimene mwayeza. Mukaiuza kuti chofunika ndi kuchuluka kwa mapaketi ofika basi, ikhoza kukupatsani manambala omaliza batire msanga, inu n'kumasangalala ndi girafu. Mukaiuza kuti isunge batire basi, netiweki yongokhala duu ndi imene ingapambane. Ena amaphatikiza zonse m'nambala imodzi, kupatsa chilichonse kulemera kwake, koma kulemerako mwakusankha nokha mongoganiza. Ine ndimakonda genetic algorithm yotchedwa NSGA-II, imene Kalyanmoy Deb ndi anzake anaifalitsa mu 2002. Iyo imaona zolinga zingapo nthawi imodzi, monga mapaketi ofika, kuchedwa ndi mphamvu ya batire, n'kukupatsani gulu la mayankho amene palibe loposa linzake pa zonse. Kusankha kumatsalira inu, malinga ndi ntchito ya netiwekiyo.

Chenjeraninso ndi mayendedwe a zipangizo mu simulator. Mukachuna pa mapu amodzi ndi seed imodzi (nambala yoyambira zochitika zachisawawa mu simulator), mupeza manambala oloweza mapu amenewo okha. Yesani yankho lililonse kangapo, zipangizo zitachuluka komanso zitachepa, zikuthamanga komanso zikuyenda pang'onopang'ono, ndipo sungani mapu ena pambali oti muyeserepo pomaliza penipeni. Ngati mukugwiritsa ntchito random waypoint, momwe chipangizo chilichonse chimasankha kopita ndi liwiro mwachisawawa, liwiro lotsikitsitsa lisakhale 0. Zinaonetsedwa mu 2003 kuti mukatero liwiro la zipangizo limanka lichepa pamene simulation ikupitirira, ndiye zotsatira zimaoneka zabwino pomwe netiweki yangotsala pang'ono kuima. Ngati ndi za magalimoto, tengani mayendedwe kuchokera ku SUMO, pulogalamu yoyerekezera mayendedwe a magalimoto pamsewu.

Werengeraninso nthawi musanayambe. Mayankho 50, mibadwo 100, lililonse kuliyesa maulendo 10, ndiye kuti simulation 50,000. Iliyonse ikatenga mphindi imodzi, amenewo ndi masiku pafupifupi 35 pa core imodzi ya purosesa ya kompyuta. Mwayi wake ndi woti mayankho a m'badwo umodzi sadalirana, mukhoza kuwagawa pa ma core onse amene muli nawo.

Za kuposa AODV, funsolo mulitembenuze: yerekezani AODV ya manambala a mu RFC ndi AODV yochunidwa. Muonjezepo kusaka mwachisawawa, kopatsidwa simulation zochuluka chimodzimodzi, kuti muonetse kuti kupindulako kwachokeradi ku genetic algorithm osati kungoyesa kambirimbiri. Woyesa pulojekiti wodziwa ntchito adzakufunsani zimenezi.

Mutiuze kuti zipangizo zanu ndi zotani, zingati, ndipo zimayenda bwanji, kuti tithandizane kusankha manambala oyenera kulowa mu chromosome.