Amene akukusokonezerani roster ndi CPU, osati ma rating

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji mukakonza roster (mndandanda wa osewera) mu gemu ya baseball ya MLB The Show kuti ifanane ndi matimu enieni, sizoni ikangoyamba zonse zimabalalika, wosewera amene munamuika mu lineup mukumupeza ali ku AAA (ligi yaing'ono ya pansi pa ligi yaikulu), wina wagulitsidwa osadziwa n'komwe. Zimawawa zedi, munthu wakhala usiku wonse ukusintha mmodzimmodzi kenako gemu nkungophwasula ngati palibe chomwe wachita.

Vuto ambiri timalimbana ndi overall (nambala ya luso lonse la wosewera), kukweza contact, kutsitsa power, pomwe chomwe chimaononga ndi malamulo a roster. Ku MLB, ligi yaikulu ya baseball ku America, timu imakhala ndi osewera 26, mwa iwo ma pitcher (oponya mpira) osapitirira 13, mu September osewera onse amafika 28, ndiye palinso 40-man roster, mndandanda wa osewera 40 amene timu ingathe kuwaseweretsa mu MLB. Mnyamata wanu uja ngati sali pa 40-man, kapena pali mkulu wina wa overall yokwera pamalo omwewo, CPU, kompyuta ya mu gemu yomwe imayendetsa matimu, imutsitsa basi, iyo siidziwa kuti timu yeniyeni imamudalira, imangoona manambala. Ndiye musanayambe franchise (mode yoyendetsa timu sizoni ndi sizoni) lowani timu iliyonse muone 40-man, muone position yachiwiri ya aliyense, makamaka ma catcher (owakha mpira wa pitcher) ndi ma reliever (ma pitcher olowa pakati pa masewera) poti ndi pomwe CPU imapengera kwambiri.

Chinanso, ndipo ichi ndiye ndikutsindika, sankhani kuyendetsa matimu onse 30 ndipo muzimitse ma trade a CPU. Ndi ntchito yotopetsa inde koma palibe njira ina yoti ligi ikhale momwe mukufunira. Mukasiya timu imodzi yokha m'manja mwanu, enawo 29 azichita zawo.

Potential (malire a momwe luso la wosewera lingakulire) nayo muisamale. Anthu amakonda kupatsa mwana aliyense wa ku AA (ligi ya pansi pa AAA) potential ya A chifukwa amamukonda, pakangotha masizoni atatu ligi yonse yadzaza ma star ndipo gemu sikomanso. Ambiri asiyeni pa C, ochepa B, A akhale owerengeka kwenikweni.

Za makontirakiti musadzivutitse kufuna zifanane ndendende, sizitheka. Onani ya Shohei Ohtani, anasaina ndi Dodgers mu December 2023, madola 700 miliyoni zaka 10, koma 680 miliyoni adzalandira mtsogolo kontirakiti itatha. Zoterezi mu gemu mulibe poziika, nambala yoyandikira choonadi ndi pafupifupi 46 miliyoni pachaka imene ligi imawerengera pa luxury tax, msonkho wa matimu olipira osewera mopitirira malire.

Komanso dziwani kuti zomwe mwasintha pa roster file sizilowa mu franchise yomwe munayamba kale, muyenera kuyamba ina. Choncho sungani file yanu pawiri, yambani franchise yoyesera, ithamangitseni mpaka July muone amene watsitsidwa ndi amene akumenya ma home run osayenera, mubwerere mukonze. Ngati nthawi ilibe, tengani ya mu vault (malo a pa intaneti mu gemu ogawirana ma roster) yomwe ena anavutikira kale, inu muzingokonza pang'ono.

Koma ngati chomwe mtima wanu ukufuna ndi malamulo ozama a makontirakiti ndi kasamutsidwe ka osewera, monga ma option, Rule 5 draft, service time ya masiku 172 pachaka, arbitration, ma level onse a minor league, pamenepo yesani gemu ina ya Out of the Park Baseball pa kompyuta. Bat simugwira nokha ngati mu The Show, koma editor yake imakulolani kusintha pafupifupi chilichonse ndipo malamulowo imawatsata bwino kwambiri. Mutiuze timu yomwe ikukuvutani kwambiri tione 40-man yake limodzi.