Ana aang'ono akusokoneza nthawi ya nthano

Funso: Ndimathandiza palaibulale ya ana kuno ku Chinamwali, Zomba. Loweruka ndimawerengera ana a zaka 3 mpaka 10 onse pamodzi, koma aang'ono sachedwa kuyamba kuyendayenda ndi kung'amba mabuku. Kodi ndiziwabweza? Mayi wa ku Chinamwali

Yankho: Musawabweze mayi, vuto lagona pa kuwasakaniza. Katswiri wa za kaganizidwe ka ana wa ku Switzerland, Jean Piaget, adafotokoza kuti mwana wa zaka 2 mpaka 7 amadalira kwambiri zimene akuona ndi kugwira, pomwe kulondoloza bwino zifukwa za zinthu kumakhazikika pakati pa zaka 7 ndi 11.

Agaweni pawiri. Aang'ono akhale pamphasa, osapitirira khumi, ndipo mphindi 10 kapena 15 zakwana. Sankhani buku la Chichewa la zithunzi zikuluzikulu, muligwire molingana ndi maso awo, muziloza n'kufunsa kuti "Ichi n'chiyani?" Yambani ndi "Padangokhala", iwo aziyankha "Tilitonse", chifukwa mwana amene akuyankha sayendayenda. Akafuna buku lomwelo sabata yamawa, abwerezereni. Mawu atsopano amalowa m'mutu pobwerezabwereza.

Kung'ambako nthawi zambiri si mwano, zala zawo sizinazolowere pepala lopyapyala. Apatseni mabuku a masamba olimba ngati katoni, muwaike pashelefu yotsika chikuto chikuoneka, poti mwana wosadziwa kuwerenga amasankha ndi chithunzi.

Akuluakuluwo atha kukhala theka la ola. Muziima pakati pa nkhani n'kuwafunsa chimene chichitike kutsogolo ndi chifukwa chake.