Funsani Ankolo a Galimoto: Tisampulo, Mabandulo ndi Masamu a Shampu

FUNSO: Ankolo, ndili ndi ka Toyota Passo kakuda, ndinakaitanitsa ku Japan chaka chatha koma pano dzuwa likawomba penti yonse ikumaoneka timizeremizere tozungulira. Ndaona polishi pa intaneti, botolo la 500ml, ndiye palinso kasampulo ka 100ml koma mtengo wake ndi pafupifupi theka la lalikululo. Kumeneku si kuba? Ndigule chiti?
Mayi wa ku Area 49, Lilongwe

YANKHO: Mayi, kuba ayi, koma kutchipanso ayi ndithu. Mmene mwafotokozeramu, mukawerengera pa mililita kasampuloko kakudula kawiri ndi theka poyerekeza ndi botolo lalikulu. Chifukwa chake nchoti kabotolo, chitsekero, lebulo, munthu wothira ndi wolongedza, zonsezo mtengo wake suchepa olo zamkatimo zichepe. Zili ngati mafuta ophikira a m'machubu aja a pa okala, aliyense amadziwa kuti lita ikanatchipa koma timagulabe chifukwa lero tikungofuna okazingira mazira awiri basi.

Nde funso lenileni ndi loti mukufuna kuyesa kaye kapena mukudziwa kale kuti polishiyo ndi yomwe ikugwirizana ndi galimoto yanu. Kwa inuyo ine ndikuti gulani kasampulo, ndipo ndikuuzani chifukwa.

Timizere mukunenato timabwera ndi katsukidwe. Fumbi lathu lofiira lija la mu Ogasiti mpaka Okutobala likakhala pa penti, mnyamata nkubwera ndi kansanza kamodzi komweko kamene wapukutira matayala, akungozunguza pa boneti, ndiye kuti akupala penti ndi mchenga. Pamwamba pa penti pamakhala kachikuto koonekera kamene amati clear coat, nkopyapyala kuposa pepala la m'kope, ndipo polishi imagwira ntchito pochotsako pang'ono kachikuto kameneko kuti pasalale. Vuto ndi loti penti siifanana. Anthu a ntchitoyi amadziwa kuti ya magalimoto ambiri aku Japan imakhala yofewa, ya ma Benz ndi ma VW imakhala yolimbirapo, nde polishi imene mwaiona pa YouTube ikuchita zodabwitsa pa BMW, pa Passo yakuda itha kusiya chifunga chotuwa, inu nkutsala ndi 450ml yopanda ntchito m'kabati.

Kasampulo kakafika musapake galimoto yonse. Tsukani bwinobwino, imikani pamthunzi penti izizire, sankhani kamalo ngati masentimita 40 mbali zonse pa chitseko cha buti, matani tepi m'mbali mwake, pakani pomwepo basi. Mukachotsa tepi walitsani tochi ya foni pamalirepo, kusiyana kukakhalapo muona nokha. Koma musathamangire kuoda lalikulu tsiku lomwelo. Mapolishi ena sachotsa mizere, amangoikwirira ndi timafuta, mukatsuka kawiri katatu mizere ija yabwereranso bwinobwino. Dikirani masabata awiri muone.

Zina zofunika sampulo ndi zopaka pa dashibodi (zina zimanyezimira mpaka kuthobwa m'maso poyendetsa masana, zina fungo lake mutu waching'alang'ala) ndi zotsukira mipando chifukwa zina zimasuwitsa nsalu. Koma shampu kapena zopukutira magalasi, sampulo ndi kungotaya ndalama, ingogulani botolo labwinobwino.

Chenjezo limodzi. Tisampulo tambiri ta pa Facebook ndi WhatsApp sitochokera ku fakitale, munthu amagula chigubu cha malita 5 nkumathira yekha m'timabotolo. Pachokha palibe cholakwika, ena ndi okhulupirika, koma kabotolo kopanda lebulo simungadziwe ngati athiramo madzi kapena kanathiridwa liti. Muuzeni akutumizireni chithunzi cha chigubu chenichenicho ndi malangizo ake musanatumize Airtel Money kapena Mpamba. Akayamba kuzungulirazungulira musiyeni.

Komanso mukaona kabotolo ka 30ml kolembedwa ceramic coating, mankhwala opaka pa penti amene amauma nkukhala chikuto choiteteza, musaganize kuti ndi sampulo yodula mopenga. Kameneko ndiye saizi yake yeniyeni, makampani ngati CarPro ndi Gtechniq amagulitsa choncho ndipo 30ml imakwana galimoto yaing'ono yonse. Kakatsegulidwa sikachedwa kuuma, nde si chinthu chopaka pang'ono lero china chaka chamawa.

FUNSO: Akulu, ine ndili ndi ka car wash ku Chirimba, tilipo anyamata atatu. Achimwene anga ali ku Joni, akuti atha kundigulira pa shopu ya pa intaneti ya Takealot nkupatsira a basi. Ndaona bandulo ya zinthu 8, muli shampu, wakisi, zamatayala, zadashibodi, siponji, nsalu, mpaka ndowa, alemba kuti ukusevako 30%. Mpamba wanga ndi wochepa, ndiye ndimafuna ndidziwe ngati dilu imeneyi ili bho.
Mnyamata wa geni, Blantyre

YANKHO: Achimwene, bandulo imeneyo sanapangire inu. Anapangira bambo amene ali ndi galimoto imodzi, amatsuka Loweruka m'mawa atavala kabudula, kapena munthu wofuna kupereka mphatso pa Khirisimasi. Inu mukutsuka magalimoto ambirimbiri pa tsiku, masamu anu ndi ena.

Tiyambe ndi 30% ija. Amaiwerengera pophatikiza mitengo ya zinthu zonse 8 ngati munthu akanagula chimodzichimodzi, kuphatikizapo zimene simukanazigula nkomwe. Tingoyerekeza manambala kuti mumve: tinene bandulo ili pa R900, iwo akuti pazokhapazokha zikanakwana R1,300. Tsopano tengani cholembera, lembani zokhazo zimene mungagule ndi ndalama zanu mawa m'mawa. Shampu R150, zamatayala R130, nsalu ziwiri R120, zadashibodi R140. Zakwana R540. Ndiye kuti R360 yotsalayo mukulipira ndowa, siponji ndi kawakisi kamene kaphwa musanakatsegule. Ndowa zoti zadzadza mu Limbe monsemu, mukaikweze basi kuchokera ku Johannesburg, idutse Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka pa Mwanza, a basi akulipiritseni malo ake? Siponjiyo ndiye ikaniko kutali, imasunga mchenga pamwamba, ndi imene ikulemba mizere pa magalimoto a makasitomala anu.

Chachiwiri, onani saizi ya botolo lililonse, osati chithunzi. Pachithunzi mabotolo onse amaoneka onenepa. Mukawerenga pansi timalemba tating'onoting'ono mupeza mwina ndi 250ml kapena 300ml pomwe logulitsidwa palokha ndi 500ml. Zochokera ku America, monga Meguiar's, Turtle Wax ndi Chemical Guys, nthawi zambiri zimalembedwa ma oz, nde sungani izi mu foni: 4 oz ndi 118ml, 16 oz ndi 473ml, 64 oz ndi malita 1.89, galoni yaku America ndi malita 3.785. Yaku Britain ndi yokulirapo, malita 4.546, musazisokoneze.

Koma chachikulu chimene ndikufuna mugwire ndi ichi, lekani kufunsa kuti botolo ndi zingati, muzifunsa kuti kutsuka galimoto imodzi kukundidyera zingati. Pamenepo ndi pomwe kasungunulidwe kamalowera. Mashampu ena aku America amalemba 1 oz pa galoni imodzi ya madzi, kumeneko ndi pafupifupi 80ml mu ndowa ya malita 10. Botolo la 473ml likupatsani ndowa 6 zokha, osakwananso bwinobwino. Inuyo tsiku labwino la Loweruka litha isanakwane 12 koloko. Pali zina zamphamvu kuposa apo, mankhwala otsukira galimoto otchedwa Optimum No Rinse amasungunula 1 pa 256, kutanthauza 40ml yokha mu malita 10 omwewo, nde botolo lofanana limakhalitsa kawiri olo pogula lioneke lodula. Chimodzimodzi zotsukira mkati ndi injini. Zija zobwera kale m'botolo lopopera, gawo lalikulu ndi madzi, mukulipira tilansipoti ya madzi kuchokera ku South Africa pomwe mpopi uli panja pomwepo. Funani zolembedwa concentrate, zija zosungunula nokha ndi madzi, za malita 5, makampani ngati Koch-Chemie ndi Sonax aku Germany amapanga zoterozo za anthu a geni, ndipo ku Joni komweko kuli zopangidwa konko monga za Shield zimene sizinawoloke nyanja, mtengo wake umakhala wofikirika.

Ndikudziwa muti chigubu cha malita 5 nchodula pa mpamba wanu. Yankhulani ndi anzanu a car wash ina, awiri atatu, musonkhe, chikafika mugawane ndi jagi yoyezera. Ndipo gulani sirinji yaikulu ku famase muziyezera, chifukwa anyamata akamathira ndi maso shampu ya mwezi imatha sabata imodzi, iwo akuti akufuna thovu lambiri kuti kasitomala asangalale. Thovu silitsuka galimoto.

Musaunjikenso zambiri chifukwa choti zatchipa. Chilimwe cha Okutobala m'kakontena ka malata, wakisi imasungunuka nkulekana mafuta pamwamba, zamatayala zimalimba. Ndikumvetsa mantha ake, chigwereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023 aliyense akapeza katundu amafuna kugula wambiri mitengo isanathawe, koma gulani zoti zitha pa miyezi itatu kapena inayi.

Bandulo imene ndingavomere ndi ya chinthu chimodzi chobwerezabwereza, monga nsalu za microfibre 10 kapena 20 m'paketi imodzi. Nzopepuka, siziwonongeka, ndipo pa ntchito yanu sizingachuluke, zamatayala pazokha, zamagalasi pazokha, zapenti pazokha, mitundu yosiyana kuti anyamata asasakanize. Ndipo powerengera zonsezi muikepo ya basi ndi msonkho wa MRA pa boda, mtengo weniweni ndi umene katundu wafikira m'manja mwanu ku Wenela, osati wa pa sikirini. Achimwene anuwo muwauzenso asakopeke ndi zija zoti onjezera pang'ono tikubweretsere ulele, munthu amatha kuonjezera zinthu za R200 pothawa delivale yotchipa kuposa pamenepo.

FUNSO: Ankolo ndili ku Leicester, ndikufuna nditumizire bambo anga ku Mzuzu kiti ya zotsukira galimoto ya Autoglym, amaikonda kwambiri Corolla yawo. Nditumize bwanji?
Mwana wa kutali

YANKHO: Mwachita bwino kuwaganizira bambo, ndipo apa ndi pamene kiti imagwira ntchito yake, galimoto imodzi, munthu woisamala, timabotolo ting'onoting'ono timukwanira miyezi yambiri. Koma musanalipire tsegulani mndandanda wa zamkatimo. Mukakhala chitini chopopera cha mpweya, zija zamatayala kapena zonunkhiritsa, dziwani kuti pa ndege zimawerengedwa ngati katundu woopsa, Royal Mail salola kutumiza zimenezo kunja kwa UK ndipo m'sutikesi ya pandege zoyaka moto zoterozo siziloledwanso. Zamadzimadzi zina zokhala ndi chizindikiro cha lawi la moto pa lebulo nazonso zimakanidwa. Sankhani kiti yopanda zimenezo, kapena mupatsire anthu otumiza katundu pa sitima ya pamadzi mutawauza chilungamo kuti m'katoni muli chani.

Ya ndowa ikaneni. Makampani ngati DHL amayeza katoni utali, mulifupi ndi msinkhu m'masentimita, kuchulukitsa, nkugawa ndi 5,000, ndipo amalipiritsa chimene chakula pakati pa nambala imeneyo ndi kulemera kwenikweni. Katoni ya 30 kwa 30 kwa 35 ikutuluka makilo 6.3 olo mkatimo muli ndowa yopepuka ndi timabotolo titatu.

Zitsekero zonse zimateni tepi, botolo lililonse m'jumbo yakeyake, nsalu za microfibre muzikulungire m'mbali. Ndipo malangizo a kasungunulidwe muwalembere bambo pa pepala m'zilembo zikuluzikulu, kuti 20ml ndi chitsekero chimodzi kapena ziwiri malinga ndi botololo, chifukwa timalemba ta pa lebulo ngakhale ine ndi magalasi sinditiona.