Yezani ndi caliper, tepi isiyeni

Achimwene, poyeza kukhuthala kwa mpeni mukusulawo, gulani caliper ya digito ndipo muziwerenga m'mamilimita. Tepi ya amisiri omanga nyumba siionetsa kanthu kochepera milimita imodzi, pomwe caliper imafika mpaka 0.01 mm. Micrometer, choyezera china, ndi yabwino kuposa apo, koma poyamba pano musataye nayo ndalama.

Kuno ku Joni zitsulo amagulitsa m'mamilimita. Mainchesi muziwamva kwa amisiri a ku America pa YouTube: inchi imodzi ndi 25.4 mm, ndiye akati 1/8 akunena pafupifupi 3.2 mm.

Musayeze malo amodzi. Yezani msana pafupi ndi chigwiriro, pakati, kenako kunsonga, chifukwa mpeni wabwino wakukhitchini umanka nuwonda. Msana wa 2 mm mpaka 3 mm ndi wokwana. Koma nkhani yagona kumbali yodulira: musanauwotche mpeniwo kuti ulimbe, siyani kukhuthala kwa pafupifupi 1 mm. Mpeni wanga woyamba ndinaupala m'galaja ina ku Rosettenville mpaka unapyapyala ngati lezala, ine n'kumanyada. Nditauviika m'mafuta unatuluka uli khotekhote ngati tsamba louma la chimanga, ntchito ya masiku atatu n'kuthera pomwepo.

Caliperyo muziipukuta, n'kuitseka, n'kudina ziro musanayeze. Fumbi la girayinda likalowamo, manambala amangodumphadumpha.

Kulimba kwa chitsulo ndi nkhani ina, caliper siyeza zimenezo. Ngati mipeniyo ndi yogulitsa, pitani nayo kwa akatswiri owotcha zitsulo omwe ali ndi makina a Rockwell, akakuuzeni HRC yake, nambala yosonyeza kulimba kwa chitsulocho.