Kodi mwala wonyezimirawu ndi golide?

FUNSO: Akonzi, mwana wanga anatola miyala yachikasu yonyezimira m'khwawa lina kumunsi kwa phiri la Malosa, ndipo anzanga akuti ndi golide. Ndikuganiza zogulitsa mbuzi kuti ndilembe aganyu okumba. Kodi akatswiri a mu labotale amadziwa bwanji zimene zili m'kati mwa mwala? Ndine bambo wa ku Domasi, Zomba.

YANKHO: Bambo, mbuzizo zikhale kaye m'khola. Mwala umene umanyenga anthu ambiri ndi pyrite, womwe umapangidwa ndi chitsulo ndi sulufule, ndipo mukhoza kuyamba kuuyesa pakhomo. Muumenye ndi hamala: golide amaphwatalala osasweka, pamene pyrite imanyenyeka. Mukaukhula kuseri kwa thailosi, golide amasiya mzere wachikasu, koma pyrite imasiya mzere wakuda wobiriwirako. Kulemera nako kumaulula, pakuti golide amalemera kuwirikiza pafupifupi ka 19 kuyerekeza ndi madzi ochuluka mofanana, pamene pyrite imawirikiza kasanu kokha.

Komabe mayesowa sakwanira, chifukwa golide amatha kubisala m'mwala ngati tinjere tosaoneka ndi maso, ngakhale m'kati mwa pyrite momwemo. Mu labotale mwalawo amauumitsa n'kuupera mpaka ukhale ngati ufa. Makina otchedwa XRF amaunika ufawo ndi kuwala kwa X-ray, ndipo chinthu chilichonse chimene chilimo chimabweza kuwala kwa mtundu wakewake, motero mkuwa ndi chitsulo zimadziwika msanga. Pa golide, njira yodalirika ndi yakale ija ya moto: ufawo amausakaniza ndi mankhwala a mtovu n'kuusungunula pa kutentha koposa madigiri 1,000, mtovuwo umakoka golide yense n'kumira naye pansi, kenako amauchotsa pouwotchanso mpaka patsale kambulu kakang'ono kamene amakayeza pasikelo. Zotsatira amazilemba m'magalamu a golide pa tani imodzi ya miyala.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti anthu amasankha mwala wokongola kwambiri n'kupita nawo kukayezetsa, chonsecho mwala umodzi sunena za khwawa lonse. Tolani miyala m'malo angapo, mtundu uliwonse m'thumba lakelake, mulembepo pamene mwaitola.

Muli ndi mwayi kuti likulu la nthambi ya boma yofufuza za miyala, Geological Survey Department, lili mu mzinda wa Zomba momwemu. Pitani nayo miyalayo kumeneko kuti akakulangizeni, ndipo mukafunsenso za chiphaso, popeza lamulo silimalola kukumba miyala ya mtengo wapatali popanda chilolezo.