Sikelo yavomera, nanga msana wa hatchi?

Achemwali ena a ku Lilongwe andilembera imelo, ndipo nkhani yawo mwachidule ndi iyi. Ali mtsikana ankakwera mahatchi. Thupi litakula mpaka makilogalamu 131 anasiya. Pano atsika kufika pa 86 adokotala atawapeza ndi shuga, ndiye akufunsa ngati angabwererenso pachishalo, komanso ayambire pati. Akuti akuopa kusekedwa, akuopanso kupweteka nyama.

Achemwali, mwandiponda pachilonda. Ndiyankha, koma mundilole ndidutse kaye njira yaitali, chifukwa funso lanuli ndinalisenzapo ine ndemwe.

Ndinapita ku Joni ndili mnyamata woonda ngati wina aliyense wochokera kumudzi. Ntchito yoyamba ndinaipeza m'makola a mahatchi cha ku Kyalami, kumpoto kwa Johannesburg, kumene mahatchi ndi ochuluka moti pamsewu pali zikwangwani zochenjeza oyendetsa galimoto. A Malawi ndi a ku Zimbabwe tinalipo ambiri pantchito imeneyi. Kudzuka kusanache, kuchotsa ndowe ndi utuchi wonyowa, kupesa, kutokosola ziboda, kumanga chishalo, kenako kuimirira pambali n'kumaonerera eni ake akukwera. Mwamwayi abwana anga anaona kuti nyama zimandimvera, ndiye anayamba kundilola kuzithamangitsa m'mawa eni ake akakhala kuntchito. Ndinaphunzira kukwera choncho, popanda kulipira kalikonse, ndipo mpaka lero sindinapeze chinthu chokoma kuposa kukhala pamsana pa hatchi m'mwezi wa June, chisanu chili mbee paudzu, mpweya ukufuka m'mphuno mwake.

Kenako ndinapeza laisensi, n'kulowa ntchito yoyendetsa mathiraki. Ndalama zinali bwinoko. Koma moyo wa pathiraki ndi wokhala pansi tsiku lonse, kudya nsima ndi nyama yowotcha pamalo oimapo, kumwa zotsekemera kuti tulo tisakupeze. Pachipata cha Beitbridge umatha kugona pamzere masiku, ndipo chochita china palibe koma kudya. Thupi linabwera mwakachetechete. Ndikapita kumudzi anthu ankandiyamikira: "Joni yakuyanjani, achimwene, taonani khosi!" Palibe amene anandiuza kuti ndikudwala. Kwathu kunenepa ndi chizindikiro choti zikuyenda.

Tsiku lina ndili patchuthi ndinapita kukhola lina lophunzitsa anthu kukwera, ndalama zili m'thumba, ndikufuna kukwera ngati kasitomala osati wantchito. Mayi woyang'anira anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, analowa mu ofesi, n'kutulukamo ndi sikelo ya kubafa. Anaiika pansi pabwalo, pamaso pa ana asukulu amene ankadikira phunziro lawo, ndi anyamata a m'khola amene ena mwa iwo ankandidziwa. Ndinakwerapo. Anawerenga nambala mokweza, n'kunena kuti pepani, malire athu mwawapitirira kutali. Kamwana kena kanaseka. Ndinabwerera kugalimoto nkhope ikutentha, ndipo kwa zaka ndithu ndikaona hatchi pamsewu ndinkayang'ana kumbali.

Pamenepa ndinene mosabisa, ngakhale ndikudziwa kuti ena mundilembera zokwiya. Mayi uja anachita zamwano, koma nambala yake inali yolondola. Masiku ano pa intaneti pali anthu amene amati khola loika malire a kulemera likusala anthu onenepa. Ayi. Ine ndagwirapo misana ya mahatchi ndi manja angawa. Ndachotsapo chishalo pambuyo poti munthu wolemera kwambiri wakwera ola lathunthu, n'kupeza msana wonse wanyowa ndi thukuta kupatula timadontho tiwiri touma kuseri kwa mapewa, pamene chishalo chinapanikiza kwambiri. Ukayendetsa zala pamenepo nyama imagwetsa msana, makutu n'kugona kumbuyo. Mawa lake imakana kuima kuti uimange chishalo, ndipo wantchito ndiye amakalipiridwa kuti hatchi yapulupudza. Hatchi siingalembe madandaulo pa Facebook. Malire aja ndi okhawo oiyankhulira. Chimene ndimadana nacho ndi kuyeza munthu pagulu. Khola lanzeru limafunsa za kulemera pafoni, kapena limayeza aliyense, woonda ndi wonenepa yemwe, kuchipinda kotseka.

Nambala zake zili chonchi. Lamulo limene ambiri amatsatira ndi loti hatchi isanyamule zoposa 20 peresenti ya kulemera kwake, kuphatikiza chishalo ndi zovala. Mu 2008 ofufuza a ku Ohio State University ku America anasenzetsa mahatchi katundu wa 15, 20, 25 ndi 30 peresenti. Pa 25 ndi 30 mtima unkagunda kwambiri ndipo minofu inkapweteka pambuyo pake. Ku England, dokotala wa mahatchi Sue Dyson ndi anzake anayesa okwera anayi olemera mosiyana pamahatchi omwewo, ndipo kwa olemera kwambiri aja mayesowo ankalekezedwa panjira chifukwa nyama zinkayamba kutsimphina kapena kuonetsa zowawa. Ndiye inu achemwali, 86 kuwonjezera chishalo, nsapato ndi chisoti mufika cha m'ma 95. Kuchulukitsa kasanu ndi 475, ndiye mukufunika hatchi yolemera makilogalamu 475 kapena kuposa. Hatchi wamba yokwera imalemera pakati pa 450 ndi 550. Mwalowa. Pankhani ya sikelo mlandu watha.

Koma sikelo si imene inandivuta ine nditabwerera, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mumve bwino.

Shuga anandipeza naye ngati inuyo. Ndinasiya thiraki, ndinayamba kuyenda pansi, ndinachepetsa nsima, zotsekemera ndinalekeratu. Thupi linatsika kwambiri. Kumudzi nkhani inatembenuka: omwe aja ankayamikira khosi anayamba kunong'onezana, azakhali mpaka anandiitanira pambali kundifunsa ngati ndinakayezetsa magazi. Amene tinakula m'zaka zimene Edzi inkatenga anthu m'mudzi uliwonse timadziwa kumene mantha amenewa amachokera, ndiye sindiwaimba mlandu. Koma zimapweteka kuti ntchito yovuta kwambiri imene wagwira pamoyo wako anthu akuiona ngati maliro akubwera. Ndikukhulupirira kuti nanunso mwakumana nazo ku Lilongwe, pa ukwati kapena kutchalitchi, wina akukugwirani dzanja nthawi yaitali n'kumati "koma muli bwinobwino?" Amenewo asiyeni.

Nditabwerera kukhola ndinakwera ndikuyembekeza kupeza mnyamata wa ku Kyalami uja akundidikira pachishalo. Kunalibe. Mutu unkakumbukira zonse, nthawi yokanikiza mwendo, nthawi yomasula zingwe, koma thupi silinkafika pamene mutu ukulituma. Hatchi itangoyamba trot, kuthamanga pang'ono konjanja kuja, ntchafu zinayamba kunjenjemera ngati ndadwala malungo. Munthu ukamataya makilogalamu ambiri sutaya mafuta okha, gawo ndithu limakhala minofu, makamaka ngati watsika mofulumira, kaya ndi zakudya, opaleshoni ya m'mimba yochepetsa thupi kapena jakisoni wochepetsa thupi wa masiku anoyu. Miyendo imene inkanyamula munthu wolemera tsiku lililonse inali ndi mphamvu zake, ndipo zina mwa mphamvuzo zinapita limodzi ndi mimba.

Panalinso zina zimene palibe amakuuza. Mafupa awiri okhalira aja, amene kale anali ndi mtsamiro wawo, tsopano ankagunda chikopa cha chishalo mwachindunji, ndipo madzulo ndinkakhala pampando chammbali. Khungu lotsala mkati mwa ntchafu linkapindika n'kutsinidwa ndi lamba wa zopondera, moti nditavula buluku panali mizere yofiira ngati ndakwapulidwa. Chishalo chimene anandipatsa chinali cha mainchesi 18, chachikulu, ndipo ndinkatsetsereka m'menemo kutsogolo ndi kumbuyo. Choposa zonse chinali kusadziwa pamene pakati panga pali. Thupi limazolowera kulemera kwake, limadziwa kupendekera kuti lisagwe. Mimba itachoka ndinkapendekerabe kumbuyo ngati ikadalipo, ndiye hatchi ikakhota ine ndinkatsalira.

Funsani wakabaza aliyense pa Lilongwe pomwepo. Adzakuuzani kuti bola kunyamula bambo wonenepa wodziwa kukhala panjinga kusiyana ndi kamnyamata koonda kogwedezeka pakona iliyonse. Hatchi imamvanso chimodzimodzi. Munthu wa makilogalamu 70 amene amadumphadumpha n'kugwera pamsana pa trot iliyonse, uku akudzigwirira pazingwe za kukamwa, amaivutitsa nyama kuposa wa 90 wokhala mwabata. Izi sizikufafaniza za 20 peresenti zija, chonde musandimve molakwa. Ndikungoti kupepuka pasikelo ndi chiyambi chabe. Ndipo zimandinyansa kuona anthu amene achepetsa thupi akuthamangira kukakwera ulendo wa maola atatu m'phiri kuti ajambulitse chithunzi cha "taonani ndafika". Amene amalipira chithunzi chimenecho ndi hatchi.

Pomwe tili pomwepa, musanyengedwe ndi kutalika kwa nyama. Anthu amaganiza kuti munthu wamkulu amafunika hatchi yaitali. Zambiri zazitali m'makola a ku South Africa ndi zopuma pamipikisano yothamanga, za msana wautali ndi miyendo yowonda, ndipo sizinyamula bwino. Ofufuza a ku Ohio aja anapezanso kuti mahatchi a chiuno chotambalala ndi mafupa a miyendo okhuthala ndi amene sankapweteka kwambiri. Pitani ku Lesotho mukaone timahatchi ta Abasotho, tatifupi koma tolimba, tikukwera mapiri ndi abambo ofunda mabulangete. Hatchi ya mtundu wa Boerperd ya ku South Africa nayonso ndi yotero. Ine ndikapatsidwa mwayi wosankha ndimatenga yaifupi yonenepa msana, yaulesi pang'ono, imene anyamata a m'khola amaitchula kuti agogo.

Vuto la kwathu ndi loti mahatchi ndi ochepa. Kashembe komanso matenda a African horse sickness, ofalitsidwa ndi tizilombo ting'onoting'ono touluka madzulo ndi m'mamawa, akhala akuvutitsa mahatchi m'chigawo chathu chino kuyambira kale, ndipo kuweta hatchi ndi ndalama. Anthu ambiri ankakwera paphiri la Zomba kapena kunyanja cha ku Kande, ndi m'makola ochepa a m'mizinda. Ndiye khola likakhala ndi nyama zochepa, mwina yokuyenerani ndi imodzi kapena ziwiri. Akakuuzani kuti lero palibe, si chipongwe.

Za shuga

Ichi musachidumphe. Ngati mukubaya insulin kapena kumwa glibenclamide, shuga akhoza kutsika kwambiri mukamagwiritsa ntchito thupi, makamaka ngati mlingo wa mankhwala ndi womwe uja munkamwa muli wonenepa. Metformin payekha kawirikawiri sachita zimenezi. Mankhwala a BP nawonso thupi likatsika amatha kuchititsa chizungulire. Chizungulire pampando ndi nkhani yaing'ono, koma pamwamba pa nyama yotalika mita imodzi ndi theka ndi nkhani ina. Kaonaneni ndi adokotala muwauze mosapsatira kuti mukufuna kukwera hatchi, idyani musanakwere, ikani maswiti m'thumba, ndipo mphunzitsi adziwe. Amene anachita opaleshoni ya m'mimba yochepetsa thupi afunsenso za mafupa, chifukwa amatha kufooka pambuyo pake.

Ndikumbukira mzanga wina wa ku Mzimba, amene tinkagwira naye ntchito m'khola, ankanena kuti hatchi imadziwa ngati munthu sanadye. Ndinkamuseka. Panopa ndimaona kuti ankanena zoona ndithu: munthu wanjala manja amauma, amapsa mtima msanga, ndipo nyama imamva zonsezo kudzera m'zingwe.

Tsono zochita zake ndi zochepa. Imbani foni, tchulani kulemera kwanu nokha asanakufunseni, nenani kuti munasiya kalekale. Pemphani phunziro la inu nokha la mphindi 30, osati ulendo wa kutchire, ndipo ngati angathe akuyendetseni pachingwe chachitali chozungulira kuti inu musamale za kukhala basi. Masabata oyamba kuyenda chabe, trot pang'ono. Kwererani pachitsa kapena pamasitepe, osati kuchokera pansi, chifukwa kudzikoka kuchokera pansi kumapotokola msana wa nyama. Yesani chishalo chocheperapo, mwina 17, ndipo valani kabudula wothina wa okwera njinga mkati mwa buluku kuti khungu lisatsinidwe. Chisoti chakale chitayeni, gulani kapena bwerekani chokukwanani lero. Kunyumba muzinyonyomala n'kudzuka, kuima ndi mwendo umodzi potsuka mano, ndi kudya nyemba, mazira, usipa kapena soya kuti minofu ibwerere.

Mukatsika, pemphani kuti muchotse chishalo nokha. Yang'anani thukuta ngati lanyowetsa mofanana mbali zonse, yendetsani zala pamsana, muone makutu. Mnyamata wa m'khola akakhala pafupi mufunseni kuti nyamayo yakhala bwanji ndi inu, ndipo mum'patse kangachepe. Iyeyo adzakuuzani zimene mphunzitsi sanganene poopa kutaya kasitomala.