Mafunso a Owerenga: Kodi Ilia Chavchavadze anali mlembi kapena wandale?

FUNSO: Akonzi, ndamva kuti ku Georgia kunali mlembi wina dzina lake Ilia Chavchavadze, amene anthu a kumeneko amamutcha tate wa fuko lawo, ndipo mpingo unamuika m'gulu la oyera mtima. Kodi ulemu woterewu anaupeza chifukwa cha mabuku ake kapena chifukwa cha ndale?

YANKHO: Zikomo kwambiri chifukwa cha funso lanu. Ife tikuona kuti pa moyo wa munthu ameneyu ziwirizi sizingalekanitsidwe, pakuti chilichonse chimene ankalemba chinali ndi cholinga chodzutsa anthu a mtundu wake, amene dziko lawo linayamba kulamulidwa ndi Russia mu 1801.

Chavchavadze anabadwa mu 1837 ku Kvareli, m'chigawo cha Kakheti, m'banja lachifumu. Anakaphunzira za malamulo ku St Petersburg, likulu la Russia pa nthawiyo, kuyambira 1857, ndipo atabwerera kwawo mu 1861 anapeza chiyankhulo cha makolo ake chikupeputsidwa m'masukulu ndi m'maofesi a boma. Chochititsa chidwi n'chakuti cholembera chake sichinayambe ndi kudzudzula atsamunda okha, koma chinalasanso anthu apamwamba a mtundu wake womwe. M'nkhani yake yotchedwa Katsia-Adamiani anajambula banja la eni minda, Luarsab ndi Darejan, amene moyo wawo wonse unali kudya ndi kugona basi, pomwe alimi amene ankawalimira ankakhala ngati akapolo. Kuti munthu wobadwira m'gulu lomwelo alembe zotere, panafunika kulimba mtima kwenikweni.

Komatu chimene chimamusiyanitsa ndi alembi ambiri n'chakuti sanathere pa kudandaula. Mu 1877 anayambitsa nyuzipepala ya Iveria, imene inakhala bwalo lokambiranapo za tsogolo la dziko. Mu 1879, pamodzi ndi anzake monga mphunzitsi Iakob Gogebashvili, anakhazikitsa bungwe lofalitsa kuwerenga ndi kulemba, limene linatsegula masukulu ophunzitsa ana m'chiyankhulo chawo. Anatsogoleranso banki ya eni minda ku Tbilisi, likulu la Georgia, kwa zaka pafupifupi 30, ndipo gawo la phindu lake linkathandiza masukulu ndi ntchito za chikhalidwe. Mfundo yake inali yakuti anthu ayenera kusunga zinthu zitatu zimene makolo anawasiyira: dziko, chiyankhulo ndi chikhulupiriro.

Mu 1906 anasankhidwa kukhala m'khonsolo yaikulu ya ufumu wa Russia, kumene analankhula motsutsa chilango chonyonga anthu. Pa nthawiyi anali atasemphana kale maganizo ndi achinyamata otsatira mfundo za Marx, amene ankati nkhondo yeniyeni ndi ya pakati pa olemera ndi osauka, osati yomenyera fuko. Mu 1907, ali paulendo wochokera ku Tbilisi kupita kunyumba kwake ku Saguramo, anthu amfuti anamubisalira pa Tsitsamuri, pafupi ndi Mtskheta, n'kumupha. Mkazi wake, Olga Guramishvili, anavulazidwa koopsa, komabe pambuyo pake anapempha kuti ogwidwawo asanyongedwe, potsatira zimene mwamuna wake ankakhulupirira.

Za kuyera mtima mwafunsazo, Mpingo wa Orthodox wa ku Georgia unamulengeza kukhala woyera mu 1987, dzikolo likadali mu Soviet Union, ndipo m'zaka zomwezo omenyera ufulu anatcha bungwe lawo dzina lake. Manda ake ali paphiri la Mtatsminda ku Tbilisi, ndipo nkhope yake ili pa ndalama yapepala ya 20 lari.